Kuwawa pogonana: mafizo a minofu ya m'chiuno, mankhwala, uphungu kapena opaleshoni?

Pali amayi amene dzuwa likamapendeka mtima wawo umayamba kugunda. Ana agona, mbale zatsukidwa, koma iwo akadali pabalaza kufunafuna chochita: kupindanso zovala zopindidwa kale, kusesa posesedwa, kudinadina foni mpaka atamva kuti bambo ayamba kuliza mkonono. Si kuti chikondi chinatha ayi. Akudziwa chimene chikuwadikira kuchipinda. Wina amamva ngati pakhomo pachekedwa ndi lezala. Wina amamva kuotcha kumene sikuleka mpaka m'mawa. Wina amamva kulasa mkatikati, cha m'munsi mwa mchombo. Ndiye pali amene kwa iwo njira imangotsekeka ngati pamangidwa khoma, moti ukwati watha chaka kapena zaka osakhalirapo malo amodzi.

Bungwe la madokotala a amayi ku America, American College of Obstetricians and Gynecologists, limanena kuti pafupifupi amayi 3 mwa amayi 4 alionse amamvapo kuwawa pogonana nthawi ina m'moyo wawo. Kwa ambiri kumabwera n'kupita. Ndikulembera amene kwa iwo kwakhazikika. Njira zothandizira zilipo zingapo, koma sizilowana m'malo, chifukwa iliyonse ili ndi vuto lake limene imakonza. Maganizo anga ndiwanene poyera: pamene minofu ya pansi pa chiuno yamangika, mafizo a minofu imeneyi ndiwo mzati, zina zonse n'zochirikiza. Koma mzati sauzika pamalo osapima.

Kupirira

Iyi ndi njira imene ambiri ali nayo kale, ngakhale sanakhale pansi kuti aisankhe. Mayi amaluma mano, kutseka maso, n'kumawerenga mumtima kuti zithe. Mwina anauzidwa kuti thupi lizolowera. Zoona zake n'zakuti thupi limazolowera, koma limazolowera kudziteteza.

Pansi pa chiuno, kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa kafupa ka kumapeto kwa msana, pali minofu yoyalana ngati ukonde. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo, ndipo njira zitatu zimadutsa m'menemo: ya mkodzo, ya abambo ndi ya chimbudzi. Ndi minofu imene mumaimanga mukafuna kusunga mkodzo paulendo. Gulu lake lalikulu madokotala amalitchula levator ani. Tsono minofu imeneyi ili ndi khalidwe la chikope. Munthu akalozetsa chala pa diso lanu, chikope chimatseka chokha, simuchita kuchiuza. Thupi likamva kuwawa kumaliseche kamodzi, kawiri, katatu, minofuyi imayamba kutseka isanakhudzidwe n'komwe. Njira ikapanikizika, kukhuzana kumakula, kuwawa kumaonjezeka, mantha a tsiku lotsatira amakulanso. Mantha amaumitsa, kuuma kumawawitsa. Mwina chimene chinayambitsa kuwawako chinali kachilonda kamene kanapola kalekale, koma minofu sinalandire uthengawo.

Mukanyamula chidebe cholemera mtunda wautali, mukachitula zala zimakana kutambasuka, ndipo zimawawa mukazigwira. Taganizirani mnofu umene wakhala chofumbata miyezi. N'chifukwa chake kupirira sindikuika pamzere wa njira zochizira. Usiku uliwonse wopirira umaphunzitsa thupi kuti linkalondola kuopa.

Kupimidwa kaye

Musanaganize za mafizo kapena china chilichonse, dokotala, namwino kapena mzamba aone kaye. Zoyambitsa kuwawa n'zambiri, ndipo zina mafizo sangazikhudze n'komwe. Matenda oyabwitsa amene ambiri amangowatchula kuti mauka, chinzonono, chlamydia, matuza a herpes, matenda a njira ya mkodzo, ngakhale likodzo lofika kumaliseche, zonsezi zimafuna mankhwala akeake. Matenda a khungu otchedwa lichen sclerosus, amene amayeretsa ndi kupyapyalitsa khungu la kumaliseche mpaka kumang'ambika, amafuna mafuta opaka amphamvu olembedwa ndi dokotala. Kuwawa kwa mkati kungachokere ku zotupa za m'chiberekero, matenda ofika m'machubu, kapena endometriosis (nthenda imene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwa chiberekerocho), imene bungwe la World Health Organization limati imagwira pafupifupi mayi 1 mwa amayi 10 a msinkhu wobereka. Sopo wonunkhira, kutsuka mkati, ndi zinthu zimene zimagulitsidwa kuti zichepetse kapena kuumitsa njira, nazonso zimapsereza khungu losachedwa kupweteka la m'menemo.

Zizindikiro zina sizifuna kudikira n'komwe: kutaya magazi mukagonana kapena mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, kutentha thupi, zilonda, chotupa, kapena kuwawa kwadzidzidzi mbali imodzi ya chinena pamene msambo wadumpha. Zimenezi n'za kuchipatala lero lomwe.

Madokotala akapima n'kupeza kuti palibe tizilombo, palibe chotupa, amayi ambiri amauzidwa kuti, "Mayi, palibe vuto, zonse zili bwino." Mawu amenewa amapweteka kuposa matendawo. Koma "palibe matenda" ndi "palibe vuto" si chinthu chimodzi. Pali vaginismus, kumangika kwa minofu kosachita kufuna pamene china chikufuna kulowa. Pali vulvodynia, kuwawa kwa kumaliseche kopitirira miyezi 3 popanda choyambitsa chooneka, ndi mtundu wake wa pakhomo penipeni wotchedwa vestibulodynia, umene dokotala amaupeza pongokhudza pakhomopo ndi kathonje ka pakamtengo. Awa ndi mavuto enieni, odziwika, olembedwa m'mabuku a zachipatala. Apa ndi pamene funso la njira limayambira.

Mafuta oterera

Iyi ndi njira yapafupi ndipo palibe chifukwa choinyozera. Ngati vuto ndi kuuma kokha, mafuta opangidwira ntchitoyi, pamodzi ndi kupatsana nthawi yokwanira yoseweretsana thupi lisanalowedwe, angathe kuthetsa nkhani yonse. Amadzimadzi amachapika mosavuta koma amauma msanga. A silicone amakhalitsa. Mafuta odzola monga Vaseline kapena mafuta a ana amafooketsa kondomu ya mphira mpaka kuphulika, choncho asayandikire pamene mukudalira kondomu. Otenthetsa ndi onunkhiritsa asiyeni, amaotcha khungu lopweteka kale. Koma mafuta amatereretsa njira yotseguka. Satsegula njira yotsekeka. Ngati mwayesa kangapo ndipo kuwawa kuli chimodzimodzi, musaonjeze mafuta, vuto lili kwina.

Mafizo a minofu ya pansi pa chiuno

Anthu ambiri akamva za mafizo amaganiza za munthu wothyoka mwendo kapena wodwala sitiroko. Koma mnofu ndi mnofu, kaya uli pa phewa kaya uli mkati mwa chiuno, ndipo pali akatswiri a mafizo amene anaphunzira mwapadera za minofu ya m'chiunoyi.

Tsiku loyamba, nthawi yambiri imathera m'kucheza mutavala zovala zanu zonse. Amafunsa zimene mwina palibe anakufunsanipo. Kuwawako kuli pakhomo kapena mkati? Kumayamba polowa, pakati, kapena mukatha? Kunayamba tsiku loyamba lenileni kapena kunabwera pambuyo pa zaka zabwinobwino? Mumakodza kangati? Mumadzimbidwa? Pobereka munang'ambika, munasokedwa? Kenako amaona mmene mumaimira, mmene mumapumira, n'kugwira msana, m'mimba, matako ndi ntchafu, chifukwa minofu yonseyi imakokana.

Kupima mkati kumachitika pokhapokha mutavomera, ndipo sikuti kuchitike tsiku loyamba. Sagwiritsa ntchito chitsulo chotsegulira chija chimene ambiri amachiopa. Ndi chala chimodzi chovala gulovu, chopakidwa mafuta. "Mayi, ndikhudza apa kaye, kunja. Pumani. Mukanena kuti basi, ndisiya pomwepo." Akalowa, amasindikiza mnofu umodziumodzi, kumanzere, kumanja, kumbuyo, ngati akutsata manambala a pawotchi. Malo ena mayi samva kanthu. Kenako chala chimafika pa kamfundo kolimba, ndipo mayi amadzidzimuka: "Pamenepo! Ndi kuwawa komweko." Kwa munthu amene wakhala akuuzidwa kuti zili m'mutu mwake, mphindi imeneyi ndi yaikulu. Kuwawa kwake kuli ndi malo, kungathe kulozedwa, ndipo chimene chingalozedwe chingathe kugwiridwa ntchito.

Ntchito yakeyo ndi yotani? Katswiri amasindikiza ndi kutambasula malo omangikawo pang'onopang'ono mpaka afewe. Ngati pali chipsera cha pobereka chimene chinauma n'kumakoka khungu, amachisisita ndi kukuphunzitsani kuchisisita nokha. Amakuphunzitsani kupuma, ndipo apa musaseke, chifukwa mnofu wopumira umene uli pansi pa nthiti umayendera limodzi ndi minofu ya pansi pa chiuno. Gonani chagada, mawondo opinda, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mosathamanga, mimba ikwere, nthiti zifutukuke. Nthawi yomweyo pansi pa chiuno pamatsika pang'ono, pamatambasuka. Amayi ambiri amene akhala ndi ululu nthawi yaitali amapumira pachifuwa, mimba itakokeredwa mkati, nsagwada zitalumana, ndipo poyamba samva n'komwe kutsika kumeneku. Kukumva ndilo phunziro loyamba. Palinso kutambasula ntchafu ndi chiuno: kugwada n'kukhalira zidendene chipumi chili pansi, kunjuta mozama, kugona chagada n'kukokera mawondo m'mbali mwa chifuwa.

Ena amagwiritsa ntchito makina a biofeedback. Kachipangizo kakang'ono kamamatidwa pakhungu kapena kuikidwa mkati, ndipo pa kompyuta pamaoneka mzere umene umakwera mnofu ukamangika n'kutsika ukamasuka. Mayi amene amalumbira kuti wamasuka amaona ndi maso ake mzere uli pamwamba. Akapuma bwino n'kuuona ukutsika, amadziwa kuti kumasuka kwenikweni kumamveka chonchi.

Pali cholakwika chimodzi chimene ndikufuna chimveke bwino, chifukwa chafala kwambiri pa intaneti. Mayi akangotchula vuto la m'chiuno, amauzidwa kuti azichita ma Kegel, kumanga ndi kumasula minofu kambirimbiri patsiku. Masewero amenewa anatchuka ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo cholinga chake chinali kulimbitsa minofu yofooka, makamaka kwa amayi amene mkodzo umawapulumuka atabereka. Pa ntchito imeneyo ndi abwino. Koma mayi amene amamva kuwawa pogonana kawirikawiri minofu yake ndi yomangika kale mopitirira. Kumuuza kuti azimanga kuli ngati kuuza mwini zala zija zatula chidebe kuti afumbatenso nkhonya. Kuwawa kungaonjezeke. Iye afunika kuphunzira kumasula kaye. Kulimbitsa, ngati kukufunika, kumabwera pambuyo. Apa ndi pamene pali kusiyana pakati pa kutsatira vidiyo ndi kupimidwa ndi munthu wodziwa.

Kodi zimathandizadi? Kafukufuku wa ku Canada wofalitsidwa mu 2021 anatenga amayi 212 a vestibulodynia n'kuwagawa pawiri. Ena anachita mafizo kwa milungu 10, ena ankapaka mankhwala ochititsa dzanzi a lidocaine usiku uliwonse kwa nthawi yomweyo. Mwa amene anachita mafizo, amayi 79 pa 100 alionse ananena kuti apeza bwino kwambiri; mwa opaka mankhwala anali 39 pa 100. Kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Komabe mafizo ali ndi mtolo wake. Amadya nthawi: kawirikawiri kukumana kamodzi pa sabata kwa milungu yambiri, nthawi zina miyezi, kuphatikiza ntchito ya kunyumba ya tsiku ndi tsiku imene palibe angakuchitireni. Amafuna ndalama ndi mayendedwe mobwerezabwereza, pamene mankhwala ena mumagula kamodzi. Akatswiri ake ndi ochepa, ndipo si aliyense wa mafizo amene anaphunzira za m'chiuno, choncho kufunsa kuti "Kodi munaphunzira za minofu ya pansi pa chiuno?" si mwano. Mukachoka kumeneko mungamve kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo kwa mayi amene anagwiriridwapo kapena kuchitidwa nkhanza, kukhudzidwa kokhako kungadzutse zakale. Woteroyo anene, ayambe ndi za kunja zokha, apemphe katswiri wamkazi, abwere ndi munthu amene amamukhulupirira. Katswiri amene sakumva mukati "basi" si woyenera kubwererako.

Ma dilator: panokha kapena ndi wokutsogolerani

Awa ndi tizipangizo tosalala ta pulasitiki kapena silicone, tobwera m'gulu, kuyambira kochepa ngati chala mpaka kofanana ndi thupi la mwamuna. Dzina lake limanamiza pang'ono. Kwa mayi wa vaginismus ntchito yake si kukuza njira, chifukwa njirayo si yaing'ono. Ndi kuphunzitsa thupi kuti chinthu chingalowe popanda ngozi. Mayi amasankha nthawi imene sasokonezedwa, chitseko chokhoma, mtsamiro kumsana. Amapuma kaye monga tafotokozera, n'kupaka mafuta ambiri. Tsiku loyamba mwina kachipangizoko kamangokhudza pakhomo, osalowa, ndipo limenelo ndi tsiku lopambana. Tsiku lina kalowa nsonga yokha. Amakasiya pamenepo mphindi 10 kapena 15, akupuma. Amasamukira ku kokulirapo pokhapokha kakang'onoko kakulowa popanda ululu. Kumva kukoka n'kololedwa, kuwawa ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ubwino wake ndi woti chiwongolero chili m'manja mwa mayi mwiniwake, m'chipinda chake, pa liwiro lake. Kwa amene ali kutali ndi katswiri, iyi ingakhale njira yofikirika kwambiri. Vuto lake ndi loti ambiri amene amayamba okha amathamangira kukula, amadzipweteka, amataya mtima, n'kuponya bokosilo pansi pa sutikesi. Ena mantha amawagwira moti sayamba n'komwe. Ku Netherlands, kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anaona amayi amene sanathepo kugonana chibadwire chifukwa cha vaginismus. Amene ankayeserera kulowetsa okha zala kapena tizipangizoti m'chipatala, katswiri ali pambali kuwalimbikitsa ndipo amuna awo ali pomwepo, 31 mwa 35 anatha kugonana pambuyo pake. Mwa amene ankadikira chithandizo anali 4 okha mwa 35. Ine ndimaona kuti ma dilator ndi chida chabwino chimene chimagwira bwino kwambiri pakakhala wokutsogolerani, ngakhale atakhala namwino womvetsa amene mumakumana naye mwa apo ndi apo. Kwa amayi amene anawotchedwa ndi makina pochiza khansa ya khomo la chiberekero nkhani ndi ina: kwa iwo njira imachepadi chifukwa cha zipsera, ndipo madokotala amalangiza ma dilator kuti isatsekeke.

Mankhwala

Apa pali amene amachiza gwero ndi amene amangophimba. Mahomoni a estrogen oika kumaliseche ali m'gulu loyamba. Mayi akasiya kusamba, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa zaka 45 ndi 55, estrogen imatsika, khungu la m'njira limapyapyala, limauma, limang'ambika msanga. Zoterezi zimachitikanso kwa kanthawi kwa mayi woyamwitsa. Palibe mafizo amene angabweze chinyezi ndi kukhuthala kwa khungu limenelo. Estrogen yochepa ya kirimu, mbulu woika mkati kapena mphete imatero m'milungu ingapo, ndipo yolowa m'magazi imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi mapiritsi akumwa. Imafuna kupitiriza, chifukwa mukasiya kuuma kumabwerera, ndipo amene anadwalapo khansa ya m'mawere akambirane kaye ndi dokotala wawo. Kwa mayi wosiya kusamba amene kuwawa kwangoyamba kumene, ndingayambe ndi njira imeneyi osati mafizo. Koma ngati wapirira zaka, minofu nayo inaphunzira kale kutseka, ndipo adzafuna zonse ziwiri.

Lidocaine wopaka ndi wa gulu lachiwiri. Amachititsa dzanzi pakhomo kwa kanthawi, ndipo angathandize mayi kuyamba ma dilator kapena kulola kupimidwa. Amaluma pang'ono akangopakidwa, ndipo angachititse dzanzi bambo nawonso. Chimene ndimachiopa ndi kumugwiritsa ntchito kuti mayi athe kupirira zimene thupi likukana. Ululu ndi mlonda. Kumugoneka mlonda sikuthamangitsa wakuba. Mapiritsi ochepetsa ululu wa m'mitsempha monga amitriptyline ndi gabapentin madokotala ena amapereka, ndipo alipo amene amathandizidwa, koma m'kafukufuku wa vulvodynia sanaonetse mphamvu yoonekeratu, pamene kugonetsa, chizungulire ndi kuuma m'kamwa n'zodziwika.

Uphungu

Amayi ena akamva zoti akaonane ndi mlangizi wa zamaganizo amakwiya, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa zimamveka ngati akuuzidwanso kuti akudzipangitsa. Sizili choncho. Ululu ndi weniweni. Koma mantha, manyazi, zimene munthu anauzidwa akukula zoti kugonana n'konyansa kapena n'kowawa, chikumbukiro cha nkhanza, mkwiyo wosungidwa m'banja, zonsezi zimafika pa mnofu womwewo. Uphungu wa mtundu wa CBT, wophunzitsa kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, umathandiza munthu kugwira maganizo amene amathamanga patsogolo pa ululu, monga "ziwawanso, andisiya, ndine wopanda pake", n'kuwachepetsa mphamvu. Alangizi a za kugonana amagwiritsanso ntchito njira imene William Masters ndi Virginia Johnson anaifotokoza mu 1970: mwamuna ndi mkazi amagwirizana kusiya kaye kulowana kwa nthawi, n'kumangokhudzana, kusisitana, kuphunziranso matupi awo popanda choti chikwaniritsidwe pamapeto.

Poyerekeza ndi mafizo, uphungu sukhudza kamfundo kolimba kaja kapena chipsera. Mafizo nawo safika pa zimene zinachitika mayi ali ndi zaka 14, kapena pa mawu amene bambo ananena chaka chatha osapepesa. Pamene mantha ndi aakulu moti ngakhale dzanja lake lomwe mayi sangaliyandikize, uphungu utsogole. Pamene ululu unayamba ndi kubereka kapena matenda, ndipo banja lili pamtendere, mafizo okha angakwanire. Kwa ambiri, ziwirizi zimayenda bwino limodzi.

Ndipatuke pang'ono ndilankhule ndi abambo, chifukwa ndikudziwa kuti ena mukuwerenga. Akazi anu akamati zikuwawa sakukukanani, ndipo si umboni woti ali ndi wina. Chithandizo chilichonse chatchulidwa panochi chimayenda msanga ngati inu mwavomera kuti kulowana kuime kaye pamene kukuwawa. Mayi sangaphunzitse thupi lake masana kuti palibe choopsa, usiku n'kumalipwetekanso. Mawu ochepa oti "Amayi, tisathamange, mundiuze inu" amamasula minofu kuposa mmene mungaganizire. Ndipo kwa mayi amene amakakamizidwa kapena kumenyedwa akakana: limenelo si vuto la minofu yanu, ndipo chithandizo choyamba ndi chitetezo chanu.

Botox, opaleshoni ndi makina a laser

Izi ndizidutsa msanga chifukwa n'za anthu ochepa. Jakisoni wa Botox amafooketsa mnofu womangika kwa miyezi ingapo, kenako mphamvu yake imatha. Angatsegule mpata kwa mayi wa vaginismus yovuta kuti ayambe ma dilator, koma umboni wake ndi wosakanikirana, ndi wodula, ndipo salowa m'malo mwa kuphunzitsa thupi. Opaleshoni ili ndi malo ake oyenera: kuchotsa endometriosis kapena chotupa, kukonza chipsera chimene chinasokedwa molakwika, kapena khungu la pakhomo lobadwa lolimba mwachilendo. Palinso opaleshoni yochotsa kachigawo ka pakhomo kowawako kwa mayi wa vestibulodynia, imene imathandiza ambiri mwa osankhidwa bwino, koma imaganiziridwa zina zonse zitalephera, chifukwa chodulidwa sichibwerera. Kudula kuti njira ikule pamene vuto ndi mnofu womangika n'kuchiza posadwala. Za makina a laser amene amatsatsidwa kuti amabweza utsikana, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza mu 2018 kuti angathe kuotcha, kusiya zipsera ndi kubweretsa ululu wosatha. Ine sindingayambire kumeneko.

Tsono inuyo muyambire pati? Mvetserani pamene pakuwawa ndi nthawi imene kunayamba. Ngati mwabereka miyezi ingapo yapitayo, mukuyamwitsa, ndipo pakuwawa pamene munasokedwa, ganizani za mafuta oterera, kusisita chipsera bala litapola, ndi mafizo ngati sizikusintha. Ngati palibe chinalowapo chibadwire, ngakhale chala, ndiye ma dilator, mafizo ndi uphungu ziyendere limodzi. Ngati kuwawa n'kwa mkati, kumakula nthawi ya msambo, ndipo msambowo umakugonetsani, pitani kwa dokotala wa amayi mufunse za endometriosis mosapita m'mbali. Mafizo adzathandiza minofu imene yamangika chifukwa cha ululuwo, koma sachotsa matendawo. Ngati kukuotcha pakhomo ngakhale mutangovala buluku lothina kapena kukhala nthawi yaitali, ndipo zopima zonse zikutuluka bwino, tchulani vulvodynia ndipo pemphani kalata yopitira kwa a mafizo.

Ngati katswiri wa minofu ya m'chiuno sakupezeka kumene muli, pali zimene mungayambe lero popanda kudzipweteka: kupuma kuja mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo, kutambasula ntchafu, kukhala m'madzi ofunda, kupewa kudzimbidwa chifukwa kuchima kumamangitsa minofu yomweyo, kusiya kutsuka mkati, ndi kusiya ma Kegel mpaka wina atakupimani. Masana, muzidzifunsa mwa apo ndi apo ngati mwamanga pansi pa chiuno, mudzadabwa kupeza kuti mwamanga mukuchapa, mukuyankha foni, mukudikira pamzere.

Chovuta kwambiri kwa ambiri ndi kutsegula pakamwa m'chipinda cha dokotala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma manyazi sachoka chifukwa chouzidwa mwambi. Chimene chimathandiza ndi kulemba papepala musananyamuke: kunayamba liti, pakuwawa pati, kumamveka bwanji, chimene chimachepetsa, chimene chimakuza, mankhwala ndi njira yolera imene mukugwiritsa ntchito. Mawu akakana kutuluka, perekani pepalalo. Ndipo mukauzidwa kuti zonse zili bwino, funsani funso limodzi musanadzuke pampando: "Adokotala, kodi minofu ya pansi pa chiuno mwaipimanso?"